Ulendo wa ana asukulu ku Bali kuchokera kuno ku Joni: tichotse ziti, tiyambe ndi ziti?

Mphunzitsi_Rosettenville:

Moni nonse akuluakulu. Ndikupempha nzeru kwa amene mukuidziwa bwino Bali, chilumba cha ku Indonesia. Tikukonza ulendo wa ana 24 a giredi 11 ndi 12, a zaka zoyambira 16 kufika 19, ndi aphunzitsi atatu owaperekeza. Ana 15 ali ndi mapasipoti a kuno, 9 ali ndi a ku Malawi. Masiku ndi 9, kuphatikiza a m'njira. Makolo agawikana pawiri, ena akuti tipite holide ya Juni ndi Julayi, ena akuti ya Disembala.

Kampani ina yatipatsa ndondomeko yokhala ndi Kuta, Ubud, Monkey Forest, Tanah Lot, Uluwatu, Besakih, Lempuyang, kukwera phiri la Batur ndi kuwolokera ku Nusa Penida. Papepala zikukoma, koma ndikuona ngati anawa azingokwera ndi kutsika basi. Ife tikufuna akaone chikhalidwe cha eni dera ndi mmene amalimira mpunga, osati kukangojambula zithunzi. Tichotse ziti? Mapepala tiyambe ndi ati? Nanga m'makachisi mwawo zoletsedwa ndi ziti, kuti tisakadzichititse manyazi?

Che Jafali, Kempton Park:

Aphunzitsi, musanalipire ndi randi imodzi yomwe ya tikiti, khalani pansi ndi mapasipoti 9 a ku Malawi aja. Maulendo ngati awa amafera pamenepo.

Wa pasipoti ya South Africa amagula viza pofika ku Indonesia. Mtengo wake ndi marupiya 500,000, imakhala masiku 30, ndipo mutha kulipiriratu pa intaneti kuti gulu lisakaime pamzere kawiri. Mwayi umenewu ndi wa mayiko okhawo amene ali pamndandanda wa boma la Indonesia, ndiye musaganize kuti poti mwana akukhala ku Joni nayenso alowa chimodzimodzi. Chimene amayang'ana ndi pasipoti, osati kumene munthu amagona. A ku Malawiwo awerengereni ngati ofunika viza yofunsiratu musananyamuke, mutsimikize ku ofesi ya kazembe wa Indonesia ku Pretoria, ndipo muyambe kudakali miyezi iwiri kapena itatu. Wopanda viza yoyenera sakabwezedwa ku Bali ayi, amakanizidwa pakauntala pompano pa OR Tambo, anzake akuona. Pasipoti iliyonse ikhale ndi miyezi 6 yotsala kuwerengera tsiku lofika kumeneko, masamba osadindidwa, ndi tikiti yobwerera. Amene pasipoti yake yatsala pang'ono kutha apite ku ofesi ya Malawi ya muno mu Johannesburg sabata ino.

Chachiwiri chimene ambiri amaiwala ndi pobwera. Pemiti ya mwana aliyense ikhale yamoyo pa tsiku lobwerera. Amene pemiti yake idatha kale, akangofika potulukira amadindidwa kuti ndi wosafunika m'dziko muno: chaka chimodzi ngati adapyola ndi masiku osaposa 30, zaka zisanu ngati adapyola kuposa pamenepo. Mwana wa giredi 12 atha kutaya mayeso chifukwa cha ulendo wa sabata imodzi. Amene ali pa pepala la asailamu asatuluke n'komwe. Funsani makolo mmodzimmodzi, kumbali, muone mapepalawo ndi maso anu, chifukwa pamsonkhano wa onse palibe angaulule.

Osafika zaka 18 akhale ndi setifiketi yobadwira yosonyeza maina a makolo, kalata ya chilolezo ya makolo yosapitirira miyezi 6, ndi makope a ziphaso za makolowo. Pa maulendo asukulu, Home Affairs imalandira kalata ya ahedi yotsimikiza kuti makalata a chilolezo ali kusukulu, komabe nyamulani zonse. Mafayilo awiri ofanana, aphunzitsi awiri osiyana, m'zikwama za m'manja.

Ndege yolunjika ku Denpasar, likulu la Bali, kuchokera kuno kulibe. Mumadzera ku Singapore, Doha, Dubai kapena Hong Kong. Ya ku Singapore ndiyo yachidule: maola 10 ndi theka kufika ku Singapore, kenako maola osakwana atatu kufika ku Bali. Gulani tikiti imodzi ya njira yonse, osati zidutswa ziwiri zotchipa, chifukwa ndege yoyamba ikachedwa yachiwiri siikudziwani. Anthu 10 kupita m'mwamba amawerengedwa ngati gulu, ndipo mumaloledwa kusungitsa mipando n'kupereka maina pambuyo pake. Mainawo alembedwe monga alili m'pasipoti, chilembo ndi chilembo. Bali ali patsogolo pathu ndi maola 6, ndiye pa masiku 9 anuwo enieni ndi 6. Tsiku loyamba musaikepo chodzukira m'mamawa.

Palinso msonkho wa alendo wa marupiya 150,000 munthu mmodzi, udayamba pa 14 Febuluwale 2024. Umalipiridwa pa webusaiti ya Love Bali, ya boma la chilumbacho, ndipo samalani ndi ena otengera dzinalo amene amawonjezera mtengo. Dindani timapepala ta QR ta aliyense.

Za ndalama: mu 2025 randi imodzi inkagula marupiya pafupifupi 900, kutengera tsiku. Marandi enieniwo musanyamule, kumeneko alibe msika wabwino. Makhadi ndi madola pang'ono atsopano, osang'ambika. Maziro ndi amene amasokoneza ana, ndiye aphunzitseni mitundu: 100,000 ndi yofiira, 50,000 ndi yabuluu, 10,000 ndi yapepo. Osintha ndalama a m'timakwalala ta ku Kuta amene mtengo wawo ukuposa wa onse amabweza ina pansi pa tebulo powerenga kachiwiri, choncho sinthani pamalo ovomerezeka ndi Bank Indonesia ndipo womaliza kugwira ndalamazo akhale inu. Makina ena a ATM amayamba kutulutsa ndalama khadi n'kubwera pambuyo, ndipo makhadi ambiri amatsala motero. Mapulagi athu a mano atatu akuluakulu salowa. Soketi zawo ndi za mano awiri ozungulira.

Nyengo ndiye musavutike nayo: Juni ndi Julayi. Chilimwe chawo ndi Epulo mpaka Okutobala, dzinja ndi Novembala mpaka Marichi. Disembala kumagwa mvula yamphamvu, nyanja imavuta, ndipo mphepo imakankhira zinyalala za pulasitiki kugombe la Kuta ndi Legian.

NaPhiri, Yeoville:

Aphunzitsi, ndondomeko mwapatsidwayo ndi ya ichi chakoma ichi chakoma. Bali ndi chilumba cha makilomita pafupifupi 150 kuchoka kum'mawa kufika kumadzulo, koma misewu ndi yopapatiza, yodzaza njinga zamoto, ndipo mdipiti wa kukachisi kapena wa maliro ukamadutsa magalimoto onse amaima osaliza ndi hutala yomwe. Kuchoka pabwalo la ndege kufika ku Ubud sipakwana makilomita 40, koma werengerani ola ndi theka, madzulo maola awiri. Malo awiri patsiku akwana. Gonani ku Ubud masiku anayi, ku Sanur awiri, Kuta muisiye. Tengani mabasi ang'onoang'ono awiri m'malo mwa chibasi chimodzi, chifukwa chachikulu chimakanika m'misewu ya kumidzi n'kukusiyani patali.

Musanasankhe tsiku, yang'anani makalendala awo, ali nawo awiri. Ya pawukon ili ndi masiku 210, ndipo ndi imene imayendetsa Galungan, nthawi imene amati mizimu ya makolo imatsikira kwawo, n'kubwerera pa Kuningan patatha masiku 10. Misewu yonse imakhala ndi penjor, nsungwi zazitali zowerama kunsonga, zokongoletsedwa ndi masamba a kokonati. Galungan imagwa Lachitatu nthawi zonse, ndipo kuwerenga kwake n'kosavuta: 19 Novembala 2025, kuwonjezera masiku 210 ndi 17 Juni 2026, kenako 13 Januwale 2027. Masiku amenewo madalaivala ndi otsogolera alendo ambiri amakhala kwawo, ndiye apanganeni kale. Kalendala inayo ndi ya saka, ndipo chaka chake chimayamba ndi Nyepi, kawirikawiri mu Marichi. Kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko m'mawa mwake palibe woyenda pamsewu, palibe kuyatsa magetsi oonekera panja, bwalo la ndege lomwe limatsekedwa, ndipo alonda a m'mudzi otchedwa pecalang amabweza aliyense, mlendo yemwe. Inu simukumana nayo. Chimene holide ya Juni ikupatseni ndi Pesta Kesenian Bali, chikondwerero cha magule ndi luso chimene chimachitika ku Art Centre ku Denpasar kuyambira pakati pa Juni mpaka pakati pa Julayi, chaka ndi chaka kuyambira 1979. Kumeneko magulu a m'maboma onse a Bali amavinira anzawo, osati alendo. Madzulo amodzi kumeneko aposa malo atatu a pandondomeko yanu.

Tsiku la mpunga ndiye mtima wa ulendo wanu, lipatseni lonse. Pitani ku Jatiluwih m'boma la Tabanan, m'munsi mwa phiri la Batukaru, osati ku Tegallalang kumene kwadzaza zisudzulo zojambulirapo. Chimene ana akaone ndi subak, bungwe la alimi onse omwera ngalande imodzi. Madzi amapatutsidwa kumtsinje kumtunda, nthawi zina kudzera m'ngalande zoboola pansi pa phiri ndi manja, n'kumagawidwa pa timatabwa kapena timakoma totchedwa tembuku. Kukula kwa mpata wa pa tembuku kumafanana ndi gawo la mlimi, choncho aliyense amaona ndi maso kuti mnzake sakuba madzi. Mtsogoleri wawo ndi pekaseh, wosankhidwa ndi alimi okhaokha. Subak iliyonse ili ndi kachisi wake, ndipo makachisiwo amalumikizana kukwera mpaka ku Pura Ulun Danu Batur, kwa Dewi Danu, mwini madzi a m'nyanja ya Batur.

Apa pali phunziro limene ana a jogalafe asaliphonye. Tsiku lodzala limagwirizanidwa kukachisi, ndipo zotsatira zake ndi ziwiri: madzi amakwanira chifukwa onse sathirira nthawi imodzi, komanso dera lalikulu limakolola n'kugoneka minda pamodzi, tizilombo n'kusowa chakudya. M'zaka za m'ma 1970 alimi adauzidwa kuti azidzala mbewu zatsopano mosalekeza, aliyense nthawi yake, osadikira kalendala ya kukachisi. Tizilombo ndi matenda a mpunga zidachuluka, ndipo kafukufuku wa Stephen Lansing adasonyeza kuti makachisi aja ndiwo ankagwira ntchito yolinganiza zonsezi. UNESCO idalemba subak pamndandanda wake mu 2012. Apatseni ana ntchito: atsate ngalande imodzi kuchoka pogawira mpaka pa ndime yomaliza, ayeze mipata ya tembuku ndi rula, afunse kuti wophwanya lamulo amalipitsidwa chiyani. Amene kwawo ndi ku Zomba kapena ku Machinga ayerekeze ndi sikimu za Domasi ndi Likangala, kumene mkangano wa akumtunda ndi akumunsi ndi womwewo. Aziyenda m'njira zokonzedwa, osaponda timakoma ta dothi tolekanitsa ndime, chifukwa kamodzi kakagumuka madzi a munthu amathera kwa mnzake. Pobwerera imani pa Pura Taman Ayun ku Mengwi, kachisi wa mafumu wa mu 1634 wozunguliridwa ndi madzi, ali panjira yomweyo.

Za m'makachisi. Kachisi wa ku Bali si nyumba yofolera, ndi mabwalo atatu ampanda: lakunja, lapakati, ndi lam'kati lopatulika koposa. Alendo kawirikawiri amalekeza pa lapakati. Aliyense, mnyamata ndi mtsikana yemwe, amavala nsalu yofika m'miyendo ndi mpango womanga m'chiuno, mapewa ofunda. Chitenje cha kwathu chimakwana bwinobwino, ndiye aliyense anyamule chake ndi kampango, musakabwereke pakhomo lililonse. Osakwera pakhoma kapena pa guwa pofuna chithunzi, osaima patsogolo pa anthu opemphera, osakhala pamalo okwera kuposa wansembe, osaloza mapazi kuguwa. Alendo ena adathamangitsidwapo m'dzikomo chifukwa cha zithunzi zosayenera pamalo opatulika, si nkhani yoopseza chabe. Pansi, pakhomo lililonse, mupeza canang sari, timabasiketi ta masamba a kokonati tokhala ndi maluwa ndi lubani. Ndi nsembe ya tsiku ndi tsiku. Kuponda mwangozi sakwiya nako, koma osalumpha lubani akufuka, osakankha ndi phazi. Zina ana athu akuzidziwa kale: kupereka ndi kulandira ndi dzanja lamanja kapena manja awiri, osagwira munthu kumutu.

Magule awo ali m'magulu atatu, ndipo UNESCO idawalemba motero mu 2015: wali, opatulika, ovinidwa m'bwalo lam'kati, bebali, a pamwambo m'bwalo lapakati, ndi balih-balihan, osangalatsa anthu. Mwana amene akudziwa kusiyana kwa gule wamkulu wa pamaliro a mfumu ndi wovinira alendo pa tsiku la chisangalalo amva msanga. Chigoba cha Barong kapena Rangda, zilombo za m'magule awo, chosungidwa m'kachisi si chovala wamba, monganso chilombo cha kudambwe sichiseweretsedwa. Kecak ya ku Uluwatu ndi ya gulu lachitatu. Idakonzedwa m'zaka za m'ma 1930 ndi Wayan Limbak pamodzi ndi Walter Spies, kuchokera ku nyimbo za mwambo wa sanghyang, ndipo nkhani yake ndi ya Ramayana, nthano yakale ya Ahindu. Ilibe ng'oma kapena choimbira chilichonse, ndi mawu a amuna okhaokha okhala mozungulira. Imayamba cha m'ma 6 koloko dzuwa likulowa, malo amadzaza, ndiye gulani matikiti kale ndipo mufike isanakwane 5. Afotokozereni ana nkhani ya Rama, Sita, Rahwana ndi Hanoman m'basi, apo ayi angoonera moto.

Koma choposa kuonera ndi kugwira. Ku Ubud kuli malo ophunzitsa gamelan, zoimbira zawo zachitsulo zomenya, kwa maola awiri. Akaphunzire kotekan: anthu awiri amagawana nyimbo imodzi, wina amamenya pamene mnzake wasiya mpata, mpaka imveke ngati munthu mmodzi wa liwiro losatheka. Achiyao amene adaonapo mangolongondo akuimbidwa ndi anthu awiri oyang'anizana azindikira pompo. Zoimbirazo zimapangidwa ziwiriziwiri, china chokwera pang'ono dala kuposa chinzake, n'chifukwa chake mawu ake amanjenjemera.

Lempuyang ichotseni. Ndi kutali kum'mawa, mzere wodikira chithunzi umatenga maola, ndipo madzi amene mumaona pazithunzi kulibe, ndi kagalasi kamene wojambula amaika pansi pa foni. Tanah Lot ndi Uluwatu sankhanipo imodzi, onse ndi makachisi a kunyanja oonera dzuwa likulowa ndipo m'kati simulowa.

Namwino_Randburg:

Ndiwonjezere za umoyo, aphunzitsi, chifukwa ana 24 mmodzi sangalephere kudwala.

Chiwewe chilipo ku Bali kuyambira 2008, makamaka mwa agalu, ndipo agalu oyendayenda ali paliponse. Lamulo likhale limodzi: osagwira galu, mphaka kapena pusi. Wolumidwa kapena kukandidwa, ngakhale pang'ono, atsuke balalo ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15, apake mankhwala ophera tizilombo, apite kuchipatala tsiku lomwelo kukayamba katemera. Bala lakuya limafunanso jakisoni wina wobaya pabala pomwepo, wodula komanso wosapezeka m'zipatala zing'onozing'ono. Uzani ana momveka kuti wolumidwa sadzudzulidwa, chifukwa choopsa ndi mwana wobisa bala poopa mphunzitsi. Monkey Forest ili ndi apusi oposa 1,000 ozolowera kutsegula zikwama. Mukalowamo, m'timagulu ta 8, opanda chakudya kapena botolo m'manja, osawayang'ana m'maso, osawaonetsa mano. A ku Uluwatu amalanda magalasi a m'maso ndi mafoni n'kudikira chakudya kuti abweze. Chikalandidwa osalimbana nacho, itanani ogwira ntchito pamalopo.

Malungo si vuto kwenikweni m'madera mukupitawo. Vuto ndi dengue, ndipo udzudzu wake umaluma masana, m'mawa ndi chakumadzulo, choncho neti yokha sithandiza. Mafuta othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET, kupaka pamwamba pa mafuta oteteza kudzuwa. Wotentha thupi apatsidwe Panado yekha. Asipirini ndi ibuprofen ayi, chifukwa ngati ndi dengue zimawonjezera kutaya magazi. Matendawa atha kuonekera mutabwerako kale, mpaka masabata awiri, ndiye makolo auzidwe kuti akanene kuchipatala kumene mwana adali.

Madzi a pampopi osamwa, ndi potsukira m'kamwa pomwe. Kutsegula m'mimba kumayamba kawirikawiri tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Nyamulani mapaketi a Thanzi kapena ofanana nawo osachepera 50. Akatha, lita imodzi ya madzi a m'botolo, masupuni ang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Magazi m'chimbudzi, kutentha thupi, kapena kusanza chilichonse chimene wamwa, ameneyo ndi wa kuchipatala. Zipatala zolandira alendo monga BIMC ndi Siloam zilipo kumwera, koma zimafuna ndalama kapena chitsimikizo cha inshuwalansi musanathandizidwe. Inshuwalansi ikhale ya aliyense, yolipira ndi ndege yonyamula wodwala, ndipo muwerenge ngati ikuvomera kukwera phiri ndi kusambira m'nyanja. Nambala ya ngozi ndi 112.

Ziwiri izi muzinene pamaso pa makolo. Arak ndi kachasu wa kumeneko, ndipo wosakanizidwa ndi methanol wachititsapo anthu khungu ndi kuwapha. Mumakhala m'zakumwa zotchipa zosakaniza, ndipo a zaka 18 ndi 19 ndi amene angayesere. Chachiwiri ndi chamba. Kuno khoti lidalola munthu wamkulu kusuta kunyumba kwake mu 2018, ndiye ana ena amachiona chopepuka. Ku Indonesia ndi ndende ya zaka, mafuta a CBD ochokera ku chamba omwe, ndipo ozembetsa amaweruzidwa kuphedwa. Mankhwala okhala ndi codeine amene kuno timagula pafamase, ndi Ritalin amene ana ena amamwa, apite m'mabokosi ake ndi kalata ya dokotala ya m'Chingerezi, okwanira masiku a ulendo okha.

Njinga zamoto zobwereka ndiye ayi, kabaza wa Gojek kapena Grab yemwe ayi. Alendo ambiri ogonekedwa m'zipatala za kumeneko ndi a njinga, ndipo wopanda laisensi ya njinga inshuwalansi imamukana.

Mphunzitsi_Rosettenville:

Zikomo kwambiri nonse, ndalemba. Mapasipoti ndiwaitanitsa Lolemba. Ndatsala ndi mafunso atatu. Mwa atsikana 13 sipangalephere wina kukhala ali kumwezi, ndipo ndamva kuti saloledwa m'kachisi, tichite bwanji kuti mwana asachite manyazi? Tili ndi ana achisilamu asanu ndi a Seventh Day awiri, zakudya zikhala bwanji? Nanga Batur ndi Nusa Penida, palibe wanenapo.

Gondwe_Midrand:

Ndiyankhe lachitatulo, ndipo ndisiyane pang'ono ndi a NaPhiri pa zochotsachotsa. Batur musaichotse. Mwana wa jogalafe amene adangoona chiphalaphala m'buku akaime pamenepo. Phirilo ndi lotalika mamita 1,717, lili m'kati mwa chidzenje chachikulu chimene chidatsala phiri lakale litaphulika n'kutitimira, ndipo nyanja ya Batur, imene a NaPhiri akuti ndi mutu wa madzi a subak, ili m'chidzenje chomwecho. Miyala yakuda ya chiphalaphala ikuoneka m'munsi mwake mpaka lero. Nthaka yachonde ya minda ya mpunga ija idachokera ku mapiri omwewa, ndiye Batur ibwere tsiku lisanafike la Jatiluwih kuti nkhani ilumikizane.

Kukwera kwake: kunyamuka ku Ubud cha m'ma 2 koloko usiku, kuyamba kukwera cha m'ma 4, maola awiri kufika pamwamba. Gawo lomaliza ndi mchenga ndi miyala yogumuka, ndipo anthu amavulala potsika, osati pokwera. Nsapato zotseka zogwira pansi, tochi ya pamutu, juzi chifukwa pamwamba pamazizira, madzi lita imodzi ndi theka. Otsogolera a m'deralo ndi okakamiza, mmodzi pa anthu anayi kapena asanu. Mphunzitsi mmodzi kutsogolo, wina kumbuyo kwenikweni, wachitatu atsale ndi a mphumu ndi osafuna kukwera, akaonere zonse ku Penelokan, m'mphepete mwa chidzenjecho, kumene kulinso nyumba yosungiramo za mapiri ophulika. Musaike Batur tsiku lachiwiri, matupi asanazolowere nthawi. Agung ndi nkhani ina, ndi lalitali kuposa mamita 3,000, lopatulika, silokwera ndi ana. Lidapha anthu oposa 1,000 mu 1963, ndipo phulusa lake lidatseketsa bwalo la ndege mu Novembala 2017. Funsani a inshuwalansi ngati amalipira malo ogona ndege zikaima chifukwa cha phulusa.

Nusa Penida ndiye chotsani ndithu. Boti yothamanga kuchoka ku Sanur ndi mphindi 45, koma mu Julayi mafunde amakula, misewu ya pachilumbapo ndi yokumbika, ndipo tsiku lonse limathera pa chithunzi chimodzi cha ku Kelingking, pamwamba pa phompho. Kumeneko ndi ku Angel's Billabong mafunde akokapo anthu. Ana athu ambiri adaphunzira kusambira m'damu la simenti kapena ku Mangochi, nyanja yamchere yokoka pansi saidziwa. Asambire ku Sanur, kumene miyala ya m'nyanja imaswa mafunde kutali, kapena pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu pamene pali opulumutsa. Mbendera yofiira yokha ndiye kuti osalowa. Wokokedwa asalimbane ndi madzi kulunjika kumtunda, asambire chopingasa motsata gombe, akweze dzanja.

Tsiku mwapulumutsalo lipatseni Klungkung. Kuli Kertha Gosa, bwalo la milandu la mafumu, denga lake lojambulidwa zilango za ochimwa m'kalembedwe ka ku Kamasan. Patsidya pa msewu pali chipilala cha puputan ya 1908, pamene mfumu ndi anthu ake, atavala zoyera, adayenda kulunjika ku mfuti za Adatchi m'malo mogonja, monga zidachitikiranso ku Denpasar mu 1906. Ana ophunzira kuno adziwe kuti Adatchi ndi omwewo a ku Cape. Kampani ya Adatchi ya VOC inkabweretsa akapolo ku Cape kuchokera kuzilumba zimenezi, a ku Bali ali m'gulumo, ndipo Sheikh Yusuf, mtsogoleri wachisilamu wa ku Makassar, adaponyedwa ku Cape mu 1694. Dzina la Macassar kufupi ndi Cape Town lidachokera pamenepo.

NaPhiri, Yeoville:

A Gondwe, za Batur ndavomera, bola ikhale yosakakamiza.

Za atsikana, aphunzitsi, lamulolo lilipodi ndipo limalembedwa pazikwangwani. Koma si la akazi okha. Kwa iwo magazi alionse saloledwa pamalo opatulika, ndiye wa bala losapola nayenso salowa, mayi wongobereka kumene, ngakhale amene kwawo kwagwa maliro posachedwa. Palibe amene amafufuza pakhomo, zili pa chikumbumtima cha munthu, ndipo n'chifukwa chake tiyenera kulisunga. Konzani chonchi: pa kachisi aliyense pakhale kagulu kotsala panja ndi ntchito yake, kujambula chipata chong'ambika pakati chija chotchedwa candi bentar, kapena kufunsa ogulitsa maluwa tanthauzo la mitundu ya m'canang sari. Kaguluko kakhale kosinthana, anyamata alimo, ndipo mtsikana angonong'oneza mphunzitsi wamkazi m'mawa kuti amuikemo. Palibe adziwe chifukwa.

Mukapita ku Tirta Empul, kasupe wopatulika wa ku Tampaksiring wa m'chaka cha 962, dziwani kuti kusamba pamipopi ija ndi mwambo wachipembedzo wotchedwa melukat, si kusambira. Mipopi ina ndi ya madzi a miyambo ya maliro, amoyo sasambapo. Makolo ena achikhristu ndi achisilamu sangakondwe kumva kuti mwana adalowamo, ndiye liikeni pa fomu ya chilolezo payekha. Kuonera chabe kulibe vuto.

Che Jafali, Kempton Park:

Za chakudya musadere nkhawa, koma musaganizenso kuti poti Indonesia ndi dziko la Asilamu ambiri ndiye kuti Bali ndi chimodzimodzi. Ambiri kumeneko ndi Ahindu ndipo nkhumba amadya kwambiri. Ana aloweze mawu awa: babi ndi nkhumba, ayam ndi nkhuku, ikan ndi nsomba, sapi ndi ng'ombe, udang ndi nkhanu zing'onozing'ono za m'nyanja, kacang ndi mtedza. Babi guling ndi nkhumba yootcha yathunthu. Lawar ndi ndiwo zosakaniza ndi kokonati ndi nyama, nthawi zina ndi magazi aawisi, ameneyo onse amusiye. Malo olembedwa Masakan Padang kapena Warung Muslim ndi a halaal, ali m'tauni iliyonse, otchipa, ndipo mumaloza chimene mukufuna. Mizikiti yochuluka ili ku Denpasar ndi kumwera, ku Ubud njosowa, ndiye Lachisanu ligwe muli ku Sanur.

A Seventh Day asamale ndi terasi, phala la udang louma limene amathira mu sambal, msuzi wa tsabola, ndi mu nasi goreng, mpunga wokazinga, osalitchula pamenyu. Wodana ndi mtedza asamale ndi msuzi wa sate ndi gado-gado. Lembani zimene mwana aliyense sadya pakakhadi m'Chiindoneziya, kuyamba ndi mawu akuti tidak makan, kutanthauza kuti sadya, azionetsa yekha pogula. Ndipo pamenyu mukaona mtengo uli ndi timitanda tiwiri kumapeto, msonkho ndi ya otumikira sizidalowemo, zimafika 21 pa 100 iliyonse. Pa anthu 27 kwa masiku 6, muiwerengeretu mu bajeti imene mukaonetse makolo.